Dzimbiri si chikhalidwe chathu

Nkhani yomwe ndikufuna kukutulirani sabata ino, inu awerengi, ena aiona ngati yachibwana chifukwa ikukhudza kagalimoto kongokwana m'manja awiri. Koma ine yandisowetsa tulo, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuilankhula nditupa nayo m'mimba. Tsono ndiloleni ndiyambe ndi mwini wake wa kagalimotoko, kenaka ndifike kwa anthu omwe ndili nawo chifukwa.

Kwathu ndi ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi mishoni ya PIM. Kumeneko ndili ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 17, yemwe sukulu adalekezera Fomu 2 kaamba ka kuchepekedwa kwa pakhomo. Chiyambire ali wamng'ono iyeyu sakhala manja ali lende. Adayamba ndi magalimoto a mawaya monga tidachitira tonsefe, kenaka n'kuyamba kuveka mawayawo malata a zitini za mafuta ophikira, mateyala n'kumadula ku mapatapata akutha, mawindo n'kumacheka ku mabotolo a pulasitiki. Anzake atayamba kuthamangira mpira ndi kabaza, iye adakakamirabe pa pulayala wake.

Chaka chilichonse pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira John Chilembwe, kwathu kumabwera akuluakulu. Amabwera pa magalimoto omwe masiku ena onse fumbi la kwathu siliwadziwa. Chaka china mnyamatayu adaima pafupi ndi Prado yoyera, ndipo adazizwa kuona kuti kuyera kwake sikudali ngati kwa laimu. Dzuwa likamenya pa chitseko pankaoneka kung'anima kofewa, ngati m'kati mwa chigoba cha nkhono ya m'madzi, ndipo iye akasuntha pang'ono kung'animako kunkasunthanso. Adapempha dalaivala kuti ayeze galimotoyo ndi chingwe, dalaivala n'kumulola uku akuseka. Atabwerera kunyumba adagawa miyeso yonse ndi 24. Galimoto yotalika mamita 4.8 idasanduka kagalimoto ka masentimita 20.

Kuumba thupi la kagalimotoko kudamutengera masabata atatu. Koma penti ndiye adamuliza. Adagula kyutekisi wangale pa msika, yemwe atsikana amapaka m'zikhadabo, n'kumupaka ndi bulashi pamwamba pa penti woyera wamafuta. Pentiyo adachita makwinya ngati nkhope ya nkhalamba. Adapala zonse ndi sandipepa n'kuyambanso. Ulendo wachiwiri kudali chiperoni, mwezi wa Julayi, ndipo kagalimotoko kadauma kali mbuu ngati kathiridwa ufa. Adapalanso. Ulendo wachitatu adadikira tsiku la dzuwa lopanda mphepo, adasungunula kyutekisiyo ndi thina, adamuthira m'kabotolo kakale ka pafyumu, n'kumawaza pang'onopang'ono ali chapatali, kuwaza n'kudikira, kuwaza n'kudikira. Pamwamba pake adawazapo kyutekisi wopanda mtundu, ndipo atauma bwino adapukuta ndi kansalu ndi mankhwala otsukira mano. Atandionetsa ndidangoti kukamwa yasa.

"Amalume, mukapite nako kutauni mukandigulitsireko," adatero. Ndidavomera, ndipo Loweruka lina ndidakatula kwa wamalonda wina wa ziboliboli mumzinda wa Blantyre. Munthuyo adakatembenuzatembenuza, adayesa mateyala, adatsegula timakomo, kenaka adapukusa mutu.

"Madala, ntchitoyi ndi yabwino, sindinama ayi. Koma azungu sagula zoterezi. Iwo amafuna chooneka kuti wapanga ndi mwana wakumudzi. Kamuuzeni mnyamatayo achotse pentiyu, waya ndi chitini zizioneka. Kadzimbiri pang'ono n'kabwino, ndiye amati n'chenicheni."

Pomwe ankanena izi n'kuti mnyamata wake atakhala pambali, ali kalikiliki kutikita polishi wakuda wa nsapato pa njovu ya mtengo woyera kuti ioneke ngati ya phingo. Ndidayang'ana njovuyo, ndidayang'ana kagalimotoko, ndidakakulunganso m'nyuzipepala n'kutsanzika. Eti munthu wopaka polishi pa mtengo wabodza ndiye andiphunzitse za chinthu chenicheni!

Wamalondayo sindimudandaula kwenikweni. Iye amagulitsa chomwe chikuyenda malonda, ndipo ana ake amadya pomwepo. Amene andipweteka mtima ndi anzanga ophunzira, omwe nditawafotokozera nkhaniyi madzulo a tsiku lomwelo adagwirizana naye. Mmodzi, munthu wa madigiri ake, adati galimoto ya mawaya ndi chikhalidwe chathu, ndipo kuipaka ngale n'kuiononga, n'kutengera zachizungu. Mnzake adaponya mwambi, ati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, kunyezimira kumangobisa ntchito yoipa. Wachitatu adangoti mnyamata wa zaka 17 asiye zidole akafune ganyu. Atatu onsewa ndikufuna ndiwayankhe pano pagulu, poti maganizo awowo ali ndi anthu ambiri m'dziko muno.

Ndiyambe ndi wa chikhalidweyo. Kodi achimwene, galimoto idabwera ndi makolo athu pochoka ku Uluba? Nanga waya adamera m'dambo liti? Galimoto ya mawaya idabadwa tsiku lomwe mwana wa kuno adaona lole ikudutsa mumsewu n'kunena mumtima kuti nanenso ndipanga yanga. Ife a m'badwo wanga tinkapanga ma Bedford, ma Land Rover, ma Peugeot 404 ndi mabasi a UTM, ndipo amene galimoto yake idafanana kwambiri ndi yeniyeni ndiye adali mfumu ya bwalo. Tinkakulunga mawayawo ndi timawaya ta telefoni tamitundumitundu, tinkamata mapepala onyezimira a m'mapaketi a ndudu kuti akhale magetsi, tinkasaka zitini za polishi zofiira kuti mateyala akongole. Penti sitinkapaka chifukwa tidalibe. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene akadapatsidwa chitini cha penti n'kuchikana ati pofuna kusunga mwambo. Kusowa kwathu kuja lero mwakuveka dzina laulemu, mwati ndi chikhalidwe.

Ndipo ngati tikamba za chikhalidwe chenicheni, kodi makolo athu ankadana ndi kunyezimira? Agogo anga aakazi akaumba mbiya sankaisiya yokhakhala. Ankaikulungiza ndi kamwala kosalala mpaka ione dzuwa. Akazira m'nyumba ankatikita pansi mpaka pachite ngati galasi. Namwali potuluka m'tsimba ankadzola mafuta a nsatsi ndi kuvala mikanda yowala. Ngakhale gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ali ndi chilombo chotchedwa Galimoto, kusonyeza kuti eni mwambo sadaope kutenga chachilendo n'kuchisandutsa chawo. Mmisiri wa kwathu kuyambira kale amadziwa kuti ntchito imathera pa kusalaza. Yemwe amasiya chinthu chili chokanda ankatchedwa waulesi, osati wosunga mwambo.

Ndikudziwa komwe maganizo a dzimbiriwa adachokera. Mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, yemwe adakhalako kuno, adalemba kabuku ka ana kotchedwa Galimoto, konena za mnyamata wa m'Malawi wofunafuna mawaya. Kabukuko n'kabwino, ndipo kadadziwitsa ana ambiri akunja za luso la ana athu. Chovuta n'chakuti anthu akakonda chithunzi safuna kuti chisinthe. Mlendo amatsika ndege ali kale ndi mwana wa ku Africa m'mutu mwake, wopanda nsapato, wokoka kagalimoto kadzimbiri, ndipo akafika amafuna kugula mwana yemweyo kuti akamuike pa shelefu. Akapeza kagalimoto kosalala, koyezedwa bwino, kong'anima, amakhumudwa, poti kamulanda mwayi womva chisoni. Tsono ife, m'malo momuuza kuti pepani bwana, mwanayo adakula, tikuthamangira kuuza mwana kuti abwerere ku dzimbiri.

Taganizani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola kudzala. Dziko lonse lidamuombera m'manja, buku lidatuluka mu 2009, kanema mu 2019. Koma kodi alipo adamuuza kuti akhalebe kudzala kuti nkhani yake isaonongeke? Adapita kusukulu mpaka kukamaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014. Zotolatola zidali poyambira pake. Bwanji mwana wa ku Mbombwe tikufuna kuti poyambira pakhalenso pothera?

Ndibwere kwa mnzanga wa mwambi wa mkuyu. Iyeyu akadadziwa m'mene penti wangale amagwirira ntchito sakadatsegula pakamwa. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono, poti nanenso ndidachita kufufuza mphwangayo atandichititsa manyazi ndi mafunso.

Penti wamba ali ngati bulangete: amaphimba chomwe chili pansi. Penti wonyezimira ngati chitsulo, yemwe timamuona pa magalimoto asiliva, amakhala ndi tizidutswa ta aluminiyamu tomwe timabweza kuwala ngati timagalasi. Koma wangale ndi wina. Iye ndi vanishi woonekera, ndipo m'kati mwake mumayandama timapale ta mwala wotchedwa mica, timiyala tong'anima tija timationa mumchenga wa mumtsinje. Timapaleto n'tating'ono zedi, tambiri sitifika ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi lomwe, ndipo kalikonse kamakutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka titanium dioxide. Kuwala kukafika, kwina kumabwerera pamwamba pa kachikopako, kwina kumalowa n'kukabwerera pansi pake, ndipo kukakumana kumatulutsa mitundu yosinthasintha, monga zimachitikira pa thovu la sopo kapena pa dontho la dizilo lomwe lagwera m'chithaphwi. Kachikopako kakanenepa pang'ono mtundu umasintha, kuchoka ku siliva kupita ku golide, kufiira, kubiriwira.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'zaka za m'ma 1600 Mfalansa wina wopanga mikanda ya kolona, dzina lake Jacquin, adaona kuti madzi otsukira tinsomba tina ta mumtsinje ankatsala akung'anima. Adayamba kukolola mamba a tinsombato n'kumapaka m'kati mwa mikanda yagalasi kuti ioneke ngati ngale. Aliyense amene adatsukapo usipa wauwisi akudziwa chomwe munthuyo adaona. Njira ya mica ndiyo idabwera m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero ndi yomwe ili m'penti wa magalimoto ambiri ochokera ku Japan omwe adzaza misewu yathu, ili m'kyutekisi, ilinso m'timabotolo ta anthu opanga timagalimoto toyerekeza. Kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, ku Japan komweko, imagulitsa vanishi wangale wopopera, nambala yake TS-65, wopangidwira ntchito yomweyi basi. Kunjako azibambo a imvi zawo amakhala miyezi akupenta kagalimoto kamodzi, ndipo amachita mipikisano popanda wowaseka.

Tsono mfundo yanga nayi. Poti vanishi wangale ndi woonekera, sabisa kanthu. Pomwe sandipepa adasiya mzere, ngale imaulengeza. Pomwe chitini chidapindika, kuwala kumakhota pomwepo kuti aliyense aone. Kafumbi kamodzi kakagwera, kamakhala m'katimo ngati ntchentche mumkaka. Ukawaza mothinana malo amodzi, timapale timaunjikana n'kuchita mawangamawanga. Ukawaza kambirimbiri, mtundu wapansi umazilala, makamaka ukakhala wakuda kapena wofiira. Ukapala ngaleyo mwachindunji umaiononga, n'chifukwa chake pamwamba pamafunika vanishi wopanda kanthu kuti ukamapukuta uzipukuta iyeyo. Ngakhale kukula kwa timapale kuli ndi lamulo lake: pa kagalimoto kochepetsedwa ka 24, kachidutswa ka theka la milimita kakuimira chinthu cha mamilimita 12 pa galimoto yeniyeni, ndiye ukasankha kyutekisi wa zonyezimira zikuluzikulu kagalimoto kako kamaoneka ngati kamwazidwa mamba a chambo.

Makwinya aja adaona mphwanga ulendo woyamba adadza chifukwa thina wa m'kyutekisi ndi waukali, amadya penti wamafuta yemwe ali pansi pake. Kutuwa kuja kwa ulendo wachiwiri kudadza chifukwa thina akamauluka msanga amaziziritsa pamwamba, ndiye chinyontho cha chiperoni chimagwidwa m'kati mwa vanishi. Zonsezi mnyamatayu adazitulukira yekha, wopanda buku, wopanda mphunzitsi, pongoyesa pa masipuni akale apulasitiki mpaka atapeza njira. Kodi ameneyu ndiye mukuti akubisa nyerere? Chomwe chimabisa ntchito yoipa ndi dzimbiri lomwe mukulitamalo. Kagalimoto kadzimbiri kakhote, kapendame, teyala lina likule kuposa linzake, onse amangoti ndi m'mene zimakhalira za kumudzi. Ngale ilibe chifundo chotero.

Wachitatu uja, woti mnyamata asiye zidole akafune ganyu, ndimufunse: ganyu yake iti? Yosenza matumba mu Limbe? Pitani ku magalaja a ku Ndirande kapena ku Biwi mu Lilongwe mukafunse kuti ntchito yovuta kwambiri kwa opopera penti ndi iti. Akuuzani kuti ndi kufananitsa chitseko chimodzi cha galimoto yoyera mwangale ndi thupi lonse, chifukwa pentiyo ngwa magawo atatu, woyera pansi, ngale pakati, vanishi pamwamba, ndipo ukaonjeza kapena kuchepetsa ngale pang'ono pokha chitsekocho chimaoneka chachilendo mpaka kalekale. Ambiri a inu muli ndi magalimoto a zigamba zotero, mukudziwa zomwe ndikunena. Mnyamata amene waphunzira pa kagalimoto ka masentimita 20 kuyeza, kugawa, kusalaza, kusakaniza, kuwerenga nyengo ndi kudikira, wagwira kale theka la ntchito imeneyo. M'mera mpoyamba. Chomwe inu mukuchitcha chidole ndi sukulu yomwe dziko lidalephera kumupatsa.

Ndipo apa ndiye pandiwawa kwambiri, poti zikuchitikira mwana wa ku Mbombwe. John Chilembwe atabwerako ku Lynchburg, ku Virginia, adakhazikitsa mishoni yake kwathu kuno mu 1900 n'kuitcha Providence Industrial Mission. Liwu lapakatilo tisamalilumphe. Munthuyo ankafuna kuti anthu ake adziwe ntchito zamanja pamodzi ndi kuwerenga: kulima mwaluso, kuumba njerwa, kumanga, kusoka. Mayi Ida Chilembwe ndi Emma DeLaney ankaphunzitsa amayi kusoka zovala. Tchalitchi chomwe adamanga chidali chanjerwa, chachikulu, chooneka patali, ndipo asilikali a boma la atsamunda adachigwetsa mu 1915 nkhondo yake itazilala. Mukaona zithunzi zake mupeza bambo wovala suti yosita bwino, tayi ndi nsapato, mkazi wake atavala diresi lalitali la ulemu wake.

Azungu a m'minda ya thangata zimenezi zinkawanyansa. Munthu wakuda wovala bwino ankamuona ngati wamwano, ndipo ankafuna kuti aliyense avule chipewa akakumana ndi mzungu. Nkhani ya chipewayi idamveka ngakhale pamaso pa komiti yomwe idafufuza za kuukira kwa mu 1915. Pa chithunzi china cha mu 1914 Chilembwe adaima pambali pa mmishonale John Chorley chipewa chili kumutu. Chithunzi chimenecho ndi chomwe Samson Kambalu, mwana wa m'Malawi, adachisandutsa chiboliboli chotchedwa Antelope, chomwe chidaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London mu Seputembala 2022. Tsono ine ndikaona munthu akuuza mwana wa ku Mbombwe kuti achotse ngale pa ntchito yake kuti mlendo asangalale, ndimamva liwu lakale lomwe lija: vula chipewa, mnyamata, usaiwale malo ako. Kusiyana kwake n'kwakuti lero liwulo likutuluka m'kamwa mwa ife eni.

Chaka ndi chaka timasonkhana pa PIM, timayala nkhata, timamva malankhulidwe otamanda munthu yemwe nkhope yake ili pa ndalama zathu za K500 ndi K2,000. Tikatero timakwera magalimoto athu oyera mwangale n'kubwerera kutauni, ana a pamudzipo n'kutsala akuyang'ana fumbi. Mmodzi wa anawo wayesa kupanga ndi manja ake chomwe ife timangoitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo mphotho yake ndi kumuuza kuti wapitirira muyeso. Ngale ikhale pa galimoto ya bwana, ndi chitukuko. Ikhale pa kagalimoto ka mwana wa mlimi, ati ndi kutaya chikhalidwe. Abale, tikunamiza yani?

Sindikufuna kuti muziti munthuyu wangoona mbali imodzi. Zilipo zifukwa zenizeni zochenjerera ndi penti, ndipo n'zodabwitsa kuti anzanga atatu aja sadatchule ndi chimodzi chomwe. Choyamba ndi mtovu. Kafukufuku yemwe bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidachita mogwirizana ndi a Malawi Bureau of Standards, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2021, adapeza kuti penti wambiri wamafuta wogulitsidwa m'dziko muno panthawiyo adali ndi mtovu wopyola muyeso. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo fumbi la penti wopalidwa ndi sandipepa limalowa m'mphuno ndi m'kamwa. Chachiwiri ndi thina: mpweya wake umapweteka mutu ndi m'chifuwa, ndipo amayaka msanga, choncho si wogwiritsa ntchito m'nyumba yotseka kapena pafupi ndi mbaula. Chachitatu n'chakuti mica wina amakumbidwa ndi ana anzawo m'maenje oopsa ku Jharkhand ndi ku Bihar m'dziko la India, komanso kum'mwera kwa Madagascar. Izi ndi zoona, ndipo mphwanga ndidamuuza zonse.

Koma yankho la zoopsazi ndi kuphunzitsa. Safunsa adadya phula, inde, koma nanga wofunsa akasowa womuyankha adye chiyani? Mwana auzidwe kuti apentere panja, atseke mphuno, asambe m'manja asanadye, asapatse khanda chidole chopentedwa kuti liziluma. Auzidwe penti woyenera ndi wosayenera. Zimenezi ndi ntchito ya sukulu. Kuyambira 1994, pomwe maphunziro a pulayimale adakhala aulere, makalasi adadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndipo phunziro la luso lidasanduka nthawi yoimba nyimbo ndi kusesa pabwalo. M'masekondale ambiri zipinda za ukalipentala ndi zosula zitsulo mulibe, ndipo momwe zidalipo zida zidatha kalekale. Tidakhazikitsa TEVETA mu 1999, tili ndi makoleji a ntchito zamanja monga Soche ndi Nasawa omwe sali kutali ndi kwathu, koma ndani amayenda m'midzi kukafunafuna ana a manja otere? Timadikira kuti mwana alephere mayeso kaye ndiye timuuze kuti pita ukaphunzire zamanja, ngati kuti luso ndi chilango.

Pempho langa ndi laling'ono. Aphunzitsi, mukamachita zionetsero za sukulu, musamangopereka mphotho kwa kagalimoto komvetsa chisoni. Yang'anani miyeso, yang'anani kusalala, funsani mwanayo kuti adachita bwanji. Eni magalaja, mukaona mwana akuzungulirazungulira pa mpanda wanu, musamuthamangitse ngati mbava. Mupatseni kotsala m'chitini ndi sandipepa wakutha, mumuonetse kagwiridwe kake. Amalonda a ziboliboli, ikani chosalala pambali pa chadzimbiri, mlendo asankhe yekha, mwina mudzadabwa. Ndipo inu a m'tauni amene mumagulira ana anu magalimoto apulasitiki ochokera ku China, othyoka tsiku lachitatu, tayesani kamodzi kugula kwa mwana wa kwanu, ndipo mumulipire mtengo wa masabata omwe wagwira, osati mtengo wa chitini.

Amene akufuna kupanga galimoto ya waya yokhayokha, yopanda penti, apange ndithu, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuiyamikira ikakhala yolungama. Chomwe ndikukana ndi lamulo losalembedwa loti mwana wosauka ntchito yake izioneka yosauka.

Kagalimoto kaja ndidabwerera nako ku Mbombwe. Mphwanga atandiona ndikutsika njinga nako m'manja, nkhope idagwa.

"Akana eti, amalume?"

Ndidamuuza zonse monga zidayendera, osachotsa kapena kuonjeza. Adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa ngati achotsedi pentiyo. Ndidamuuza kuti akayerekeza kukhudza sandipepa ine ndi iye tidana. Ndidatulutsa ndalama yomwe ndidasungira nsapato n'kugula kagalimotoko ndekha, ndipo pano kali pa kabati m'chipinda changa chochezera ku Chilomoni. Alendo akabwera amakanyamula n'kufunsa kuti ndidakagula ku Johannesburg kapena ku Dubai. Ndikawauza kuti kadapangidwa ku Chiradzulu ndi zitini za mafuta ophikira, ena amaseka poganiza kuti ndikucheza. Kusekako ndiye matenda omwe ndakhala ndikunena m'nkhani yonseyi.

Mnyamatayo tsopano ali pa minibasi ya Hiace. Akuti ikhala yobiriwira pansi, ngale pamwamba, ndipo wandituma kuti ndikamugulire sandipepa wosalala kwambiri, wa nambala 1500, yemwe pa msika wa kwathu sapezeka. Ndipita Loweruka.